Za Kugawana Kontena Pakati pa Amalonda Ang'onoang'ono

Dziko la Malawi lilibe gombe la nyanja yamchere. Mwana aliyense wa sukulu amaphunzira chinthu chimenechi pa mapu, koma amene amachidziwa kopambana ndi wamalonda, pakuti iye amachimva m'thumba. Chinthu chilichonse chochokera kutsidya la nyanja, ngakhale msomali, foni kapena nsalu, chiyenera kutsika pa doko la eni ake, ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban, ndipo kuchokera kumeneko chiyenera kuyenda ulendo wautali wa pamtunda chisanafike m'sitolo ya ku Limbe kapena pa msika wa ku Mzuzu. Kuchokera ku Blantyre kufika ku Beira kapena ku Nacala ndi makilomita osafika 1,000. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Dar es Salaam ndi oposa 1,500. Ndipo Durban ali kutali koposa makilomita 2,000. Mtengo wa ulendo umenewu sutsala m'njira ai. Umalowa mu mtengo wa katundu, ndipo woulipira potsiriza ndi mphunzitsi kapena kalaliki amene wapita kukagula nsapato za mwana wake tsiku la malipiro.

Kwa kampani yaikulu vuto limeneli ndi lolemera, koma ndi lopiririka. Kampani yotere imaitanitsa katundu wodzaza makontena ambiri nthawi imodzi, ili ndi akalaliki odziwa mapepala, ndipo eni sitima amaipatsa mtengo wabwino pofuna kuti idzabwerenso. Koma mai amene ali ndi kasitolo ka zida za njinga pa boma la Dedza, kapena mnyamata wokonza mafoni ku Zomba, mpamba wake sungadzaze ngakhale ngodya imodzi ya kontena. Kwa zaka zambiri anthu otere anali ndi njira ziwiri zokha: kupikula kwa amalonda aakulu a m'tauni pa mtengo umene iwo anena, kapena kukwera basi kunka ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg ndi kubwerako ndi zikwama zingapo, gawo lalikulu la phindu litathera pa ulendo. Tsopano pali njira yachitatu imene yafala ndithu, makamaka chiyambire ubale wa Malawi ndi dziko la China mu December 2007. Anthu ambiri, kawirikawiri osadziwana, amaika katundu wao mu kontena imodzi, ndipo aliyense amalipira malo okhawo amene katundu wake watenga. Njira imeneyi ndi yabwino ndipo iyenera kulimbikitsidwa. Komatu ili ndi maenje ake, ndipo ogweramo ndi iwo amene alibe mpamba wachiwiri woyambiranso.

Nkhaniyi iyenera kuyambira pa bokosilo. Kale katundu ankakwezedwa m'sitima thumba ndi thumba, mgolo ndi mgolo, ndi manja a anthu mazanamazana, kotero kuti sitima inkagona pa doko masiku ambiri, ndipo katundu wochuluka ankasweka kapena kubedwa. Munthu amene anasintha zimenezi sanali mmalinyero. Anali mwini malole wa ku America, dzina lake Malcom McLean. Pa 26 April 1956 sitima yake yotchedwa Ideal X inanyamuka ku Newark kunka ku Houston itasenza mabokosi aakulu 58, amene pofika anangotsitsidwa ndi kuikidwa pa malole osatsegulidwa. Owerengera anapeza kuti kukweza tani imodzi mwa njira yakale kunkadya madola oposa 5, pamene mwa njira yatsopanoyi sikunafike masenti 20. Mu 1968 bungwe la miyezo la ISO linakhazikitsa misinkhu yofanana, kuti bokosi lodzazidwa ku Guangzhou likwanire pa sitima ya pamadzi, pa sitima ya pamtunda ndi pa lole kulikonse. Kontena ya mafiti 20 ili ndi malo okwana pafupifupi makiyubiki mita 33, ndipo ya mafiti 40 pafupifupi 67, ngakhale kuti katundu weniweni amene amalowa amakhala wocheperapo, popeza makatoni sagwirana bwinobwino ngati njerwa.

Tsono bokosi limeneli linapangidwira munthu wamkulu. Eni sitima amagulitsa bokosi lathunthu. Kaya mwini wake alidzaza, kaya aikamo makatoni asanu, mtengo wake ndi umodzimodzi. Pamenepa ndi pamene panabadwira ntchito ya osonkhanitsa katundu.

Kayendedwe kake ndi kotere. Wosonkhanitsa amakhala ndi nyumba yosungiramo katundu pafupi ndi kumene anthu amagula, monga ku Guangzhou, ku Yiwu m'chigawo cha Zhejiang, kapena ku Dubai. Wamalonda wa kuno akagula katundu wake, wogulitsayo amamutumiza ku nyumba imeneyo atalemba chizindikiro cha mwini wake pa katoni iliyonse. Kumeneko katunduyo amapimidwa kukula ndi kulemera kwake, nadikira kufikira atapezeka wokwanira kudzaza kontena. Ikadzaza imatsekedwa ndi chidindo chokhala ndi nambala. Kampani ya sitima imapereka kalata imodzi yokha ya katundu yense, yotchedwa bill of lading, ndipo imaipereka kwa wosonkhanitsayo, pakuti pa maso pa eni sitima mwini kontena ndi iye. Ndiye wosonkhanitsa ayenera kupereka kwa wamalonda aliyense kalata yakeyake yaing'ono, yonena makatoni ake, kulemera kwake ndi dzina lake. Kalata yaing'ono imeneyi ndiyo mboni yokha ya wamalonda. Amene watumiza ndalama popanda kuilandira ali ngati munthu amene wasungitsa ng'ombe m'khola la eni popanda mboni ngakhale imodzi.

Mtengo umawerengedwa pa kiyubiki mita, ndipo apa aphunzitsi a masamu adzazindikira phunziro lao lomwe. Katoni ya masentimita 50 m'litali, 50 m'lifupi ndi 40 m'mwamba imatenga gawo limodzi la magawo khumi a kiyubiki mita. Makatoni khumi otere ndiwo kiyubiki mita imodzi. Anthu 20, aliyense wokhala ndi makatoni 30 otere, angathe kudzaza kontena ya mafiti 40. Koma pali lamulo lina limene ambiri salidziwa kufikira litawaluma. Amtengatenga a panyanja amayerekeza kiyubiki mita imodzi ndi makilogalamu 1,000, ndipo amalipiritsa potsata chimene chakula pa ziwirizi. Woitanitsa mabeseni a pulasitiki amalipira malo, pakuti katundu wake ndi wopepuka koma wadzaza. Woitanitsa misomali kapena matailosi amalipira kulemera, ngakhale katundu wake aoneke wochepa m'maso. Ndiponso mtengo wa kiyubiki mita imodzi mu kontena yogawana umaposa mtengo wa malo omwewo mu kontena yaumwini, chifukwa wosonkhanitsa ayenera kulipira nyumba, antchito, ndi kupezapo phindu lake. Odziwa ntchitoyi amati katundu akayandikira makiyubiki mita 15, nthawi yafika yofunsa mtengo wa kontena yathunthu ya mafiti 20. Chotero kugawana ndi makwerero a woyamba kumene, si malo okhalapo mpaka kalekale.

Dzenje loyamba lili pa mtengo wonenedwa poyamba. Ena mwa osonkhanitsa amatchula mtengo wotsika kwambiri wa ulendo wa panyanja kuti akope anthu, podziwa kuti adzabweza zonse katundu akafika. Pa doko pali malipiro otsitsira kontena, a mapepala, a chikole cha katundu wodutsa m'dziko la eni, a lole, a kutsegula kontena ndi kugawa makatoni, ndi a kusunga katundu tsiku ndi tsiku. Pamwamba pa zonsezi pali msonkho wa Boma. Munthu amene sanafunse zonsezi asanalipire amadzaona kuti katundu wake ali m'manja mwa eni, ndipo sangatuluke kufikira ndalama ina itaperekedwa. Pamenepo palibenso kunenerera mtengo.

Dzenje lachiwiri ndilo lozama. Akuluakulu anati nsomba ikaola imodzi, zonse zaola, ndipo palibe malo amene mwambi umenewu ukwanira bwino koposa mu kontena yogawana. Kontena imayenda kuchokera pa doko kufika m'dziko muno ngati chinthu chimodzi, pansi pa chidindo chimodzi. Ngati mmodzi mwa anthu 20 aja walemba kuti m'makatoni ake muli zoseweretsa ana pamene muli mankhwala osaloledwa, kapena wabisa mabatire amene malamulo a panyanja amawaika m'gulu la katundu woopsa chifukwa amatha kuyaka moto, akuluakulu a pa doko kapena a kasitomu ali ndi mphamvu yoimitsa kontena yonse. Anthu 19 osalakwa amadikira pamodzi ndi wolakwayo. Ndipo kudikira pa doko si kwaulere ai. Kampani ya sitima imapereka masiku owerengeka oti bokosi lake lichotsedwe ndi kubwezedwa. Akatha masikuwo, chindapusa chimayamba kuwerengedwa tsiku ndi tsiku, m'madola. Mai wa zida za njinga uja, amene sanamuonepo munthu wabodzayo chibadwire, angathe kuuzidwa kuti asonkhe nao chindapusacho.

Pali mchitidwe winanso umene uyenera kutchulidwa poyera. Osonkhanitsa ena amanena mtengo umodzi wa zonse, wa ulendo ndi msonkho womwe, namuuza wamalonda kuti asavutike ndi mapepala, adzangolandira katundu wake pa khomo. Mau amenewa ndi okoma m'khutu, ndipo alipo amene amagwira ntchitoyi mokhulupirika. Koma wamalonda adzifunse kuti katunduyo waomboledwa m'dzina la yani, ndipo pa mtengo wanji. Ngati kontena yonse yalembedwa m'dzina la munthu mmodzi, ndipo mitengo yachepetsedwa pa mapepala kuti msonkho uchepe, wamalondayo ali ndi katundu m'sitolo koma alibe pepala losonyeza kuti analowa mwa lamulo. Banki singamubwereke ndalama pa malonda amene alibe mbiri yolembedwa. Ofesi ya Boma yofuna kugula katundu singamuwerengere. Ndipo msonkho umene wazembedwawo ndi womwewo umene ukanagula choko, mabuku ndi mankhwala, ndi kulipira malipiro a iwo amene akuwerenga tsamba lino. Wogula katundu wotsika mtengo mwa njira imeneyi walipira ndi dzanja lina chimene wapulumutsa ndi dzanja linzake.

Za inshuwalansi ambiri amaziyesa zongotayitsa ndalama, poganiza kuti katundu akaonongeka eni sitima adzabweza. Malamulo a panyanja sali otero. Mangawa a eni sitima ali ndi malire, ndipo kawirikawiri malirewo safika pa mtengo weniweni wa katundu. Kuonjezera apo pali lamulo lakalekale lonena kuti ngati pachitika ngozi, ndipo ndalama zaonongedwa kapena katundu wina watayidwa pofuna kupulumutsa sitima, onse okhala ndi katundu m'sitimamo asonkherane kulipira. Mu March 2021 sitima yaikulu yotchedwa Ever Given inatsakamira mu ngalande ya Suez masiku asanu ndi limodzi. Eni ake anagwiritsa ntchito lamulo limeneli, ndipo eni katundu, ngakhale amene makatoni ao sananyowe ndi dontho limodzi lomwe, anayenera kupereka chikole asanalandire zao. Amene anali ndi inshuwalansi, kampani inawaimira. Amene analibe anapisa m'thumba. Sitima imeneyo inkanka ku Ulaya, koma lamulolo limagwira ntchito chimodzimodzi pa sitima yonka ku Beira.

Nthawi nayo ndi ndalama. Kontena yogawana imachedwa koposa yaumwini, popeza iyenera kudikira kudzaza kusananyamuke, ndi kudikiranso kugawidwa itafika. Si chachilendo kuti papite miyezi iwiri kapena itatu, ndipo m'miyezi imeneyo mpamba wonse uli pamadzi. Zinthu zimasintha. Mu 2019 mtengo wa kontena ya mafiti 40 pa njira zazikulu za dziko lapansi sunkafika madola 2,000. Mu September 2021, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, unapitirira madola 10,000. Mu March 2019 namondwe wa Idai anasakaza mzinda wa Beira. Ndipo kuno kumudzi mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Munthu amene anali atatsala ndi madola 500 oti alipire katundu akafika, anagona ali ndi ngongole ya K590,000 nadzuka ali ndi ngongole ya K850,000. Wamalonda wanzeru saika khobidi lake lotsiriza mu katundu, koma amasiya ina yoombolera.

Dziko lino lakhala likuphunzira za njira za ku nyanja kwa nthawi yaitali, ndipo maphunziro ena anali owawa. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908. Mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi unatsegulidwa mu 1935, kulumikiza dziko lino ndi Beira. Njanji ya ku Nacala inatsegulidwa mu 1970. Koma pofika 1984 nkhondo ya ku Mozambique inali itatseka njanji zonse ziwiri, ndipo katundu anayamba kuzungulira ulendo wautali wa ku Durban pa mtengo wosaneneka. M'nthawi ya mavuto imeneyo ndi pamene inakonzedwa njira ya kumpoto, yodzera pa chipata cha Songwe, pamodzi ndi malo osungirapo katundu wa Malawi ku Mbeya ndi ku Dar es Salaam. Phunziro lake linali lakuti dziko lisadalire khomo limodzi. Wamalonda wamng'ono nayenso adziwe kuti katundu wake adzera doko liti, pakuti wa ku Karonga ndi wa ku Mulanje sayenera kusankha njira imodzi.

Kodi tsono chofunika kuchita ndi chiyani? Mbali ina Boma linaikonza kale. Bungwe la Malawi Revenue Authority, limene linayamba ntchito mu 2000, limalemba katundu wolowa kudzera m'makompyuta a ASYCUDA World, ndipo oombolera anthu katundu amagwira ntchito ndi chiphaso chochokera ku bungwelo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, limayang'anira ubwino wa katundu. Chofunika kulimbikitsa ndi chakuti wosonkhanitsa aliyense wolandira ndalama za anthu m'dziko muno akhale wodziwika, wokhala ndi ofesi yoti munthu angagogodepo, osati nambala ya foni yokha imene ingazime mawa. Kuti wamalonda aliyense alandire kalata yakeyake ndi lisiti ya msonkho ya m'dzina lake. Ndiponso kuti pamene katoni imodzi yapezeka ndi mlandu, igwidwe yokhayo, ndipo ena onse amasulidwe msanga. Chotsirizachi chili m'manja mwa ofesala wa pa chipata. Iye akagoneka pepala pa tebulo masiku atatu popanda chifukwa, ayenera kudziwa kuti pali mabanja 20 amene akulipira kugona kwa pepalalo. Ndipo akalandira kangachepe kuti atsinzine, wapalamula mlandu pa lamulo loletsa ziphuphu la 1995.

Koma si zonse zimene ziyenera kudikira Boma. Kusonkherana si chinthu chachilendo kuno. Anthu amadziwa chipereganyu, amadziwa banki mkhonde, ndipo aphunzitsi ambiri ndi ogwira ntchito m'Boma ali m'mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama amene ali pansi pa MUSCCO, bungwe limene linayamba mu 1980. Lamulo la makopaletivi linalipo kuyambira 1946, ndipo linalembedwanso mu 1998. Amalonda a pa msika umodzi, odziwana nkhope ndi makhalidwe, akalembetsa kopaletivi yao angathe kutenga kontena yathunthu m'dzina la kopaletiviyo, kusankha okha woombola katundu, kugula inshuwalansi imodzi, ndi kuona okha chimene aliyense waika m'bokosimo. Pamenepo phindu limene likanapita kwa mkhalapakati limatsala pakati pao, ndipo wabodza amaopa, pakuti amene angawaike m'mavuto ndi anthu omwe adzakumana nao m'mawa mwake pa msika. Alangizi a za malonda ndi makopaletivi m'maboma ali ndi ntchito yooneka pamenepa. Makopaletivi ambiri anagwa kale chifukwa cha mabuku osalembedwa bwino ndi msungichuma wosayang'aniridwa, ndipo kontena ya madola zikwi zambiri singaikidwe m'manja mwa gulu limene silinaphunzire kusunga buku.

Alipo ogwira ntchito m'Boma ndi aphunzitsi amene amachita nao malonda amenewa pofuna kuonjezera pa malipiro. Palibe amene angawadabwe. Koma kalasi isatsale yopanda mphunzitsi chifukwa kontena yafika, ndipo ofesala asaombole katundu amene iye mwini ali ndi gawo m'menemo.

Chatsala chinthu chimodzi chimene sichikambidwa mokwanira. Nkhani ya kugawana kontena imakambidwa ngati ya katundu wolowa yekha, chonsecho dziko lino limagula kunja zochuluka kwambiri koposa zimene limagulitsa, ndipo kumeneko ndiko kumachokera kusowa kwa ndalama zakunja. Ena mwa makontena amene abwera odzaza amabwerera ku doko opanda kanthu. Mu 2021 Malawi ndi India anasainirana pangano lakuti India azigula matani 50,000 a nandolo chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Kontena ya mafiti 20 imanyamula pafupifupi matani 24 a nandolo, ndiwo matumba 480 a makilogalamu 50. Mlimi mmodzi wa ku Chiradzulu kapena ku Phalombe sangakwanitse matumba amenewa, koma alimi 48 a matumba khumikhumi angathe. Kuvuta kwake ndi kwakuti wogula wa kunja amafuna mbeu ya mtundu umodzi, youma mofanana, yopanda miyala ndi anankafumbwe, yokhala ndi chiphaso cha alangizi a zaumoyo wa mbeu. Thumba limodzi lonyowa lingaonongetse mtengo wa onse. Nandolo amakololedwa m'miyezi ya chilimwe, chotero gulu lofuna kudzaza kontena yake liyenera kupeza wogula, nyumba yosungiramo ndi sikelo yokhulupirika mbeu ikadali m'munda.